Za Cakudya ndi Kukula kwa Mitundu ya Anthu

Pali funso limodzi limene anthu oganizira za maiko akhala akutsutsana nalo kwa zaka zambiri, ndilo ili: kodi cimene ciyamba nciti, cuma kapena cakudya cabwino? Ambiri ayankha msanga kuti cuma ndico ciyamba, nati dziko lithange lapeza migodi, misewu ndi mafakitale, ndipo pambuyo pace anthu ace adzadya bwino. Ena ati bvuto ndi umbuli, ndipo anthu akangophunzitsidwa kuphika ndi kulima, njala ndi matenda zidzatha zokha. Mau onse awiriwa amveka anzeru, koma mbiri ya maiko siiwabvomereza kotheratu. Iyo itionetsa kuti cuma pa cokha sicinadyetse ana a anthu osauka, ciphunzitso pa cokha sicinadzaze nkhokwe, ndi kuti mitundu imene inakwera ndi kukhazikika ndiyo imene inaganizira dala za mbale ya mwana, niika pamenepo nthaka, malamulo ndi ndalama.

Kuti tione bwino nkhani imeneyi sitifunika kuyambira kutali. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Lusaka, m'boma la Chongwe, m'dziko la Asoli, pali malo ochedwa Chalimbana, dzina la mtsinje umene uthira m'Chongwe. Pamenepo Boma la atsamunda linayesa kwa zaka zambiri kukweza moyo wa m'midzi ndi ciphunzitso, ndipo zimene zinatheka ndi zimene zinalepheka kumeneko zitiphunzitsa zambiri tikazilinganiza ndi za maiko ena.

Njira yocokera ku America

M'caka ca 1907 mai wina wa mpingo wa Quaker wa mu mzinda wa Philadelphia ku America, dzina lace Anna Jeanes, anapereka madola 1 miliyoni kuti athandize masukulu a m'midzi ya anthu akuda kumwera kwa dzikolo. Ndalamazo zinalipira aphunzitsi oyendayenda, ndipo woyamba wa iwo anali Virginia Randolph, amene anayamba nchitoyo ku Virginia m'caka ca 1908. Aphunzitsi amenewa anali kuyendera masukulu ang'onoang'ono, kuphunzitsa ana kulima dimba, kuphika, kusoka ndi kusunga ukhondo, ndi kukopa makolo kuti aone sukulu ngati yao.

Nzeru imeneyi inaoloka nyanja m'caka ca 1924, pamene gulu la Phelps-Stokes, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, linayendera masukulu a kum'mawa ndi pakati pa Africa. M'gululo munalinso Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene lero ticha Ghana. Iwo anati maphunziro a mwana wa m'Africa ayenera kuyenderana ndi moyo wa pa mudzi, ndiko kuti thanzi, ulimi, banja ndi nchito za manja. Cotero ndi thandizo la ndalama za bungwe la Carnegie anatsegula masukulu a Jeanes ku Kabete m'Kenya m'caka ca 1925, ku Domasi m'Nyasaland, ndi ku Mazabuka m'Northern Rhodesia m'caka ca 1929, kumene mphunzitsi wamkulu woyamba anali Mbusa J. R. Fell. M'caka ca 1939 sukulu ya ku Mazabuka inasamutsidwa kunka ku Chalimbana.

Makonzedwe a masukulu amenewa anali otere: mphunzitsi wosankhidwa ndi mishoni yace anali kubwera pamodzi ndi mkazi wace ndi ana ace, nakhala m'mudzi wacitsanzo wa pa sukulupo. Mwamuna anaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi, ukalipentala, kumanga nyumba ya mazenera ndi kukumba cimbudzi. Mkazi anaphunzira kulera khanda, kuphika, kusoka ndi kusamala pa khomo. Atatsiriza anabwerera kwao kuti banja lao likhale buku limene mudzi wonse ungawerenge ndi maso. M'zaka za m'ma 1940 mafumu naonso anali kuitanidwa ku Chalimbana kudzaphunzira za kayendetsedwe ka maiko ao. Tisapeputse nchito imeneyi, pakuti mabanja ambiri anaona dimba la ndiwo ndi citsime cosamalika koyamba pa khomo pa mphunzitsi wotere.

Zimene anapeza ofufuza

Caka comweco ca 1939 cinaturutsa mabuku awiri amene anaonetsa kukula kwa bvutolo. Loyamba linali la Audrey Richards, lochedwa Land, Labour and Diet in Northern Rhodesia. Mai ameneyu anakhala pakati pa Abemba kuyambira 1930, nalemba zimene mabanja anali kudya tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti caka ciri conse panali miyezi ya njala nkhokwe zikatha, ndipo miyezi yomweyo ndiyo ya nchito yolemetsa ya m'munda. Anapezanso kuti amuna ambiri anali ku migodi, kotero kuti panasowa okwera m'mitengo kudula nthambi za citemene, ndipo akazi masiku ena anali kutopa kufikira kulephera kusinja ndi kuphika. Buku laciwiri linali lipoti la komiti ya ku London yoona za kadyedwe m'maiko onse olamulidwa ndi Britain. Pochula magwero a kusadya bwino, lipotilo linaika umphawi patsogolo, ndipo umbuli unadza pambuyo pace.

Panalinso ena amene anafufuza m'zaka zomwezo. Ku Gold Coast dokotala wamkazi, Cicely Williams, analongosola m'caka ca 1933 nthenda ya ana otupa miyendo ndi ofiira tsitsi, amene analetsedwa kuyamwa nadyetsedwa phala la cimanga lokhalokha. M'caka ca 1935 anaicha kwashiorkor, dzina limene anthu a mtundu wa Ga anali kuichula kale, kutanthauza nthenda ya mwana amene wacotsedwa pa bere cifukwa kwabwera mnzace. Ku Nyasaland Dr B. S. Platt anatsogolera gulu limene linayesa cakudya ca m'midzi ya m'boma la Kota Kota m'zaka za 1938 ndi 1939, koma nkhondo inabuka, ndipo zopeza zace zinakhala m'mabokosi kufikira zinasindikizidwa m'caka ca 1992.

Tsono Boma linadziwa magwero awiri a nthendayo, umphawi ndi umbuli, koma linasankha kuciza umbuli, popeza mankhwala ace anali a mtengo wocepa. Umphawi unali wobvuta kuukhudza cifukwa malamulo a Boma lomwelo ndiwo anali kuukulitsa. M'zaka za 1928 ndi 1929 nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji inapatulidwira alimi Acizungu, ndipo eni dziko, Asoli pamodzi nao, anakankhidwira m'malo ochedwa marizevu. Msonkho unaturutsa anyamata m'midzi kunka ku migodi, ku mapulazi ndi ku Lusaka, umene unakhala likulu m'caka ca 1935. Ndipo kuyambira 1936 bungwe loyang'anira malonda a cimanga linagawa msika wa m'dziko, nilipatsa alimi Acizungu magawo atatu, alimi Aciafrika onse gawo limodzi. Taganizani tsono mkazi wa mphunzitsi wocokera ku Chalimbana ali kulangiza mnzace kuti mwana afunika mazira, nyemba ndi mtedza, pamene mnzaceyo alima yekha munda woguga, mwamuna wace ali ku Nkana, ndipo nkhuku zace anagulitsa kuti apeze ya msonkho. Malangizowo anali oona, koma m'nyumbamo munalibe coti awatsate naco.

Phunziro la kwao kwa Jeanes

Codabwitsa ndi cakuti dziko lomwe linatitumizira nzeru ya Jeanes linali ndi nthenda yofanana ndi yathu. Kumwera kwa America anthu osauka, akuda ndi oyera omwe, analima thonje kufikira pa khomo, nadya ufa wa cimanga, mafuta a nkhumba ndi manyuci a nzimbe. Cotsatira cace cinali pellagra, nthenda yosupula khungu, yotsegula m'mimba ndi yosokoneza mutu. Kuyambira 1906 kufikira 1940 anthu pafupifupi 3 miliyoni anadwala, ndipo pafupifupi 100,000 anafa. Madokotala ambiri anayesa kuti ndi nthenda yopatsirana, koma kuyambira 1914 Dr Joseph Goldberger anaonetsa m'nyumba za ana amasiye ku Mississippi kuti ana akapatsidwa mkaka, mazira, nyama ndi nyemba nthendayo imatha. Cidziwitso cinapezeka, komabe anthu anapitirira kufa zaka zina makumi awiri, cifukwa mlimi wobwereka munda analibe ufulu wa kubzala cimene afuna, kapena ndalama ya kugula mkaka. Pellagra inatha m'zaka za m'ma 1940, pamene vitamini yace, niacin, inayamba kuthiridwa mu ufa wogulitsa, malipiro anakwera, ndipo minda inaleka kukhala ya thonje lokha.

Anthu a ku Mexico, kumene cimanga cinacokera, sanabvutike ndi nthendayi monga ena, pakuti makolo ao anali kuwiritsa cimanga ndi laimu kapena phulusa, ndipo njira imeneyi imasula vitamini yobisika m'njere. Cimanga cinafika kwa ife, koma nzeru yacikonzedwe cace inatsalira. Nthendayo siiri kutali ndi ife konse: m'caka ca 1990, pamene mtedza unasowa m'cakudya cogawira othawa nkhondo a ku Mozambique m'Malawi, anthu oposa 18,000 anadwala pellagra m'miyezi yowerengeka.

Maiko amene anayamba ndi mwana

Britain inali limodzi mwa maiko olemera koposa onse pamene inamenya nkhondo ndi Mabunu kuyambira 1899 kufikira 1902, koma anyamata ambiri a m'mizinda yace amene anafuna usilikari anabwezedwa cifukwa anali ofoka, aafupi ndi oola mano. Cuma cinalipo, koma sicinafike m'mbale za anchito. Manyazi amenewa anabala lamulo la 1906 lolola makhonsolo kudyetsa ana osauka pa sukulu. M'caka ca 1936 John Boyd Orr anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a m'Britain sanali kudya cokwanira thanzi labwino, ndipo cifukwa cace cinali kucepa kwa malipiro. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse Boma lao linagawa cakudya mwa muyeso kwa wolemera ndi wosauka, nilipatsa amai apakati ndi ana mkaka ndi mafuta a nsomba, ndipo imfa za makanda zinacepa nkhondo iri m'kati. Orr yemweyo anakhala mtsogoleri woyamba wa FAO, bungwe la maiko onse loona za cakudya ndi ulimi, limene linakhazikitsidwa ku Quebec pa 16 Okotobala 1945.

Japan inatsiriza nkhondoyo iri phulusa, anthu ace ali ndi njala yoopsa. Koma dzikolo silinadikire kuti liyambe lalemera. Linalandira thandizo la mkaka waufa ndi tirigu kucokera kunja, niliyamba kudyetsa ana pa sukulu, ndipo m'caka ca 1954 linakhazikitsa lamulo la cakudya ca pa sukulu. Ana amene anadya cakudya cimeneco anakula atali kuposa makolo ao, ndipo ndiwo anagwira nchito m'mafakitale amene anachukitsa dziko lao.

Wina angatsutse nati maiko amenewa anakwera pa zifukwa zina zambiri, ndipo cakudya cinangotsagana nazo. Yankho lomveka linacokera ku Guatemala. Kuyambira 1969 kufikira 1977 akatswiri a bungwe la INCAP anasankha midzi inai yosauka. M'midzi iwiri anagawa phala lochedwa atole, lokhala ndi mkaka ndi zomanga thupi, ndipo m'midzi iwiri inayo anagawa cakumwa cotsekemera copanda zomanga thupi. Patapita zaka zoposa 25 anawafunafuna ana aja atakula, napeza kuti amuna amene anamwa phalalo asanakwanitse zaka ziwiri anali kulandira malipiro oposa a anzao pafupifupi ndi theka, ndipo akazi amene analimwa ali aang'ono anafika patali ndi sukulu. Apa tiona kuti akulu akale sananame ponena kuti m'mera mpoyamba. Bongo wa munthu umangidwa kuyambira ali m'mimba kufikira zaka ziwiri, ndipo cimene casowa pa nthawiyo ncobvuta kucibwezera ndi sukulu kapena cipatala.

Brazil nayo icitira umboni. Pa kuwerenga kwa 1974 ndi 1975, ana 37 mwa ana 100 ali onse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndiko kuti aafupi mosayenera msinkhu wao. Pofika 2007 anatsala 7 okha. Ofufuza anapeza zifukwa zinai: amai anaphunzira sukulu, mabanja osauka anapeza ndalama, zipatala za amai ndi ana zinafika pafupi, ndipo madzi ndi zimbudzi zinakonzedwa. Ciphunzitso ciripo pa mndandandawo, koma siciri cokha.

Zambia ndi nsima yace

Dziko lathu litalandira ufulu m'caka ca 1964, Boma latsopano linaikumbukira nkhaniyi, nilikhazikitsa National Food and Nutrition Commission m'caka ca 1967. Koma mphamvu yaikulu ndi ndalama zambiri zinapita ku mbeu imodzi. Bungwe la NAMBOARD, limene linayamba m'caka ca 1969, linagula cimanga pa mtengo umodzi m'dziko lonse, feteleza anatsitsidwa mtengo, ndipo ufa wa m'matauni unalipiridwako ndi ndalama za mkuwa. Colinga cinali cabwino, cakuti mlimi wa kutali apeze msika ndi wanchito wa m'tauni asagone ndi njala. Koma mapira, mawere, nzama ndi khobwe, zimene makolo analima pamodzi m'munda umodzi, zinacepa caka ndi caka, ndipo anthu anazolowera ufa woyera wocotsedwa madeya, kumene kuli mbali yabwino ya njere.

Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, Boma linayamba kulephera kusenza katunduyo. Litakweza mtengo wa ufa mu Disembala 1986, ku Copperbelt kunabuka cipolowe ndipo anthu anafa. Mu Juni 1990 zinacitikanso m'Lusaka, ndipo pasanathe caka ndi theka ulamuliro wa cipani cimodzi unatha pa masankho a Okotobala 1991. Palibe umboni wina woposa uwu wakuti cakudya ndi mtendere wa dziko ziyenda pamodzi.

Ife ogwira nchito ya ukalaliki m'maofesi a Boma tidziwa kuti cimene cilembedwa m'buku ndico cisamalidwa. Matumba a cimanga akhala akuwerengedwa caka ndi caka, koma msinkhu wa ana uwerengedwa mwa kamodzikamodzi, ndipo ziwerengero zace nzomvetsa cisoni. M'caka ca 2007 ana 45 mwa 100 ali onse osafika zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. M'caka ca 2014 anali 40, m'caka ca 2018 anali 35, ndipo m'caka ca 2024 anali 32. Kutsikako nkoyamika, ndipo kuonetsa kuti nchito ya masikelo a ana, katemera, ndi vitamini A wothiridwa mu shuga kuyambira 1998 siinapite pacabe. Komabe mwana mmodzi mwa atatu ndi wocuruka kwambiri m'dziko limene zaka zina likolola cimanga coposa cimene lingadye. Anansi athu a ku Malawi anawerengera m'ndalama, napeza kuti m'caka ca 2012 kusadya bwino kwa ana kunataitsa dziko lao gawo limodzi mwa magawo khumi a cuma conse cimene linapanga.

Kudalira mbeu imodzi kuli ndi ngozi inanso. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, popeza mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga, mwa 2.2 miliyoni obzalidwa, anaonongeka. Mapira ndi cinangwa zipirira dzuwa kuposa cimanga, koma m'minda yambiri munalibe.

Cimene mbiri itiuza

Tikasonkhanitsa zonsezi tiona zinthu zitatu. Coyamba, kukhuta ndi kudya bwino nzosiyana. Nsima ipatsa mphamvu, koma thupi ndi bongo wa mwana zimangidwa ndi ndiwo, monga nyemba, mtedza wotendera, kapenta, mazira, mkaka ndi masamba. Caciwiri, ciphunzitso cibala zipatso pokhapo pamene mai ali ndi munda, nthawi, madzi abwino ndi kandalama m'manja. Cacitatu, m'maiko onse amene tachula, zinthu zinasintha pamene kudyetsa mwana kunaleka kuyesedwa nkhani ya pa mtondo, nikukhala nkhani ya m'bwalo la malamulo ndi m'buku la ndalama za Boma. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana wopinimbira lero ndiye mlimi, mphunzitsi ndi namwino amene dziko lonse lidzadalira mawa.

Chalimbana inasintha maina pamodzi ndi nyengo. Sukulu ya Jeanes inasanduka koleji ya aphunzitsi, m'caka ca 1970 inakhala koleji yoonjezera maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ndipo tsopano ndi yunivesite. Pafupi pace pali sukulu yophunzitsa anchito a makhonsolo. Cotero pa malo amodzi pakumana anthu awiri amene mbiri yathu iwafuna, wophunzitsa ndi wogawa ndalama za boma la m'dera. M'zaka za atsamunda woyambayo anatumidwa ku midzi yekha, wopanda nthaka kapena msika woti alonjeze anthu. Mutu umodzi susenza denga; mphunzitsi akayamba dimba la sukulu, wa khonsolo akumbe citsime, wa zaulimi abweretse mbeu ya nyemba pamodzi ndi ya cimanga, ndipo wa cipatala ayese ana.

Caka ndi caka, mvula isanagwe, Asoli asonkhana ku Chongwe pa mwambo wa Chakwela Makumbi, ndipo Mfumu yaikulu Nkomeshya ipempherera mvula, nidalitsa mbeu, niyamba kubzala anthu ace asanabzale. Makolo amene anakhazika mwambowo anadziwa kuti cakudya ca anthu ndi mlandu woyamba wa mfumu. Atsogoleri a lero, kuyambira nyakwawa ya pa mudzi kufikira nduna ya ku Lusaka, ayenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo, ndipo ife tonse tiyenera kufunsa pa nyumba pathu ngati mwana wamng'ono koposa onse walandira gawo lace la ndiwo akulu asanatambasule dzanja.